Gudumu Lomwe Linayenda Lokha

"Mlandu uwu ndinauthetsa ine tiyi wanga asanazizire," anatero a Tcheyamani. "Apolisi akufika, apeza wakuphayo ndamumanga kale ndi chingwe cha katundu. Iwo yawo inali yongolemba basi."

Ankalankhula ali pa benchi ya kutsogolo kwa polisi, atazunguliridwa ndi anyamata a njinga zamoto, aliyense atakumbatira chipewa chake ngati mwana wodwala. Sajeni anawamva kudzera pa zenera la ofesi, lija linasweka chaka chimene iye anayamba ntchito. Sanadzutse mutu. Pa zaka zake zonse za upolisi anali ataona kuti milandu yothetsedwa tiyi asanazizire ndi imene imamuyeretsa tsitsi mzimayi ngati iye.

A Tcheyamani anali mkulu wa siteji ya njinga zonyamula anthu ya pafupi ndi msika. Ankavala jekete yachikopa ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ndipo pachifuwa pawo pankalendewera wezulo ndi mulu wa makiyi, kuti aliyense azimva kuti udindo ukubwera usanaoneke.

Nkhani inali iyi. Mnyamata wina wa pa sitejipo, amene anzake ankamutcha Mazira chifukwa ankayendetsa ngati wanyamula mazira a eni ake, anafa dzulo lake m'mawa pa chitunda chotsikira ku mlatho. Mabuleki akumbuyo anamasuka, gudumu linauma, ndipo njinga inamuponya pa chipilala cha mlathowo. Amene anakonza mabulekiwo tsiku lapitalo anali malume ake enieni, makanika wa kuseri kwa msika. Anyamata a pa siteji sanataye nthawi ndi mafunso. Anapita ku galaja, a Tcheyamani patsogolo akuimba wezulo, ndipo makanikayo anafika ku polisi dzanja lamanja litatupa ngati buledi. Maliro anali oika mawa lake.

"Malizani zimenezi lero, Sajeni," anatero mkulu wa polisi atasuzumira pakhomo. "Munthu wake tili naye, anthu akhutira. Mukufunanso chiyani?"

"Ndikufuna ndimuone kaye, bwana."

"Muoneni. Koma musamupezere chifundo, mulibe malo m'faelomo."

* * *

Makanika anali atakhala pakona ya chitokosi, dzanja atalikulunga ndi malaya ake. Anali bambo wa imvi za m'mbali, wa zikhadabo zakuda zimene sopo anazigonja kalekale.

"Bambo, munakonza chiyani pa njinga ija?"

"Ndinaika tayala latsopano kumbuyo. Ndi mabuleki."

"Munamanga bwino?"

"Ndinamanga."

"Pali kachitsulo kamene kamagwira mabuleki kuti asazungulire ndi gudumu. Akuti nati yake sinapezeke. Pini yotchinga natiyo palibenso."

"Ndamva."

"Ndiye mukuti bwanji?"

Bamboyo anadzutsa mutu.

"Mayi, chilowereni muno ndakhala ndikuimanga nati imeneyo m'mutu mwangamu. Ndikudziona ndikuimanga. Ndikudziona ndikulowetsa pini, ndikuipinda miyendo. Koma mwana wafa. Ndiye kapena m'mutumu ndi mwabodza."

Sajeni sankawakonda anthu osadziteteza. Wolakwa weniweni amabwera ndi mboni zisanu, amalume ake a ku boma ndi matenda a shuga. Munthu wongokhala chete ngati uyu amakupatsa ntchito.

"Amuika liti?" anafunsa makanika.

"Mawa."

"Mlongo wanga watumiza mawu kuti ndisakapondeko. Ngakhale mutanditulutsa." Anakonza malaya pa dzanja lija. "Mwana ameneyu bambo ake atathawa ndinamulera ndine. Ndinkamukhazika pa thanki ali kakhanda, iye n'kumagwira magalasi. Sindikupempha kuti mundimasule, mayi. Mundiperekeze ndi unyolo womwewo. Ndikangoima kumbuyo kwa anthu, sandiona."

"Zimenezo si zanga kulamula."

"Ndikudziwa. Ndangonena kuti zituluke."

* * *

Njinga ya malemu inali kuseri kwa polisi, pakati pa mawilibala ogwidwa, mafiriji a milandu yoiwalika ndi minibasi yomera udzu. Sajeni za njinga zamoto sankadziwa kanthu, kupatula kuti zimamubweretsera mitembo ya ana a anthu. Anaizungulira kawiri. Kutsogolo kunali kopindika, nyali yoswekeratu, thanki yong'ambika pansi. Maondo atayamba kudandaula, anakhala pa mpando wakale wa galimoto umene unatayidwa pamenepo, ndipo maso ake anafanana msinkhu ndi magudumu.

Tayala lakutsogolo linali lakuda bii, longopakidwa kafumbi kofiira ka m'misewu ya m'tauni. Lakumbuyo, latsopano lija, mizere yake inali yodzaza ndi matope ouma oyera ngati ufa. Masipoko akenso anali mbuu.

Anapisa chala pansi pa madigadi, pamwamba penipeni pa tayalalo, pamene gudumu limalavulira chilichonse chimene laponda. Chala chinatuluka chopanda matope oyerawo ngakhale pang'ono. Anayang'ana tcheni, anayang'ana pansi pa mpando. Kunalibe.

Matope oterowo ankapezeka msewu umodzi wokha m'dera lonselo, wopita kutsidya kwa phiri kumene amawotcha laimu.

Sajeni anakhala pamenepo akupukuta chala pa siketi. Magudumu a njinga ali ngati banja lakale: angadane bwanji, kumene lapita lina linzake limatsatira. Koma apa lakumbuyo linali litakayenda ulendo wake lokha, n'kubwerera osauza aliyense.

* * *

Kunyumba ya maliro mipando inali itatulutsidwa panja. Mayi a malemu analandirira Sajeni m'chipinda cha mwana wawo, mmene munali bedi, wailesi yaing'ono ndi jekete yonyezimira yopachikidwa pa msomali. Anali mayi wouma thupi, wa maso otha misozi, wogulitsa zovala zakale pamsika.

"Mwabwera kudzamupepesera makanika wanuyo?"

"Ndabwera kudzafunsa za njinga, mayi."

"Kafunseni amene anaikonza. Muli naye."

"Dzana madzulo mwana wanu anali kuti?"

"Pabedi pomwe mwayandikirapo. Anabwera wapansi, tsaya lili uku, anakachotsa dzino. Adokotala anamuuza kuti asayendetse mpaka kutacha. Ndinamufunditsira mkaka, anamwa ndi mbali imodzi ya kamwa, ine n'kumamuseka." Mawu awo anasanduka akuthwa. "Ndinamuseka mwana wanga. Lembani zimenezo."

"Njinga inagona kuti?"

"Ku shedi ya pa siteji, ngati masiku onse. Muno ndiyiika pati, pa bedi?"

"Ku laimu anapitako masiku amenewa?"

"Akatani? Msewu umenewo ankaukana ngakhale mutamulonjeza ng'ombe. Ankati umadya matayala. Mwana wanga anali wamantha pa msewu, mayi, anzake ankamuseka. Wafa wamantha, othamanga ali panjapo akumwa tiyi wanga."

Sajeni anatseka cholembera. "Achimwene anu akupempha kuti..."

"Ndilibe achimwene. Ine ndinkafuna mwanayu akaphunzire zamagetsi. Iwo ndi aja, 'Achemwali, njinga ili ndi ndalama, ndiziyikonza ndekha, palibe chingamuchitikire.' Anamukweza ndi iwowo, amutsitsanso ndi iwowo. Akabwera mawa, bokosi silituluka m'nyumba muno."

Pakhomo Sajeni anatembenuka.

"Shedi ija amatseka ndani?"

"Amatsekanso ndani? Simunawamve akulira makiyi ngati ng'ombe ya belu?"

* * *

Kuseri kwa malo omwetsera mafuta kunali mpope, ndipo pa mpopepo panali mayi wotsuka njinga amene aliyense ankamutcha Thovu. Ankalankhula ngati mpope wakewo: ukangotsegula, kutseka ndi ntchito ina.

"Ya Mazira? Ndinatsuka ine ndi manja awa, dzana masana. Amalume ake akakonza njinga amaitumiza kuno, akuti njinga yochoka kwa dokotala isatuluke ngati nkhumba. Ndinaitsuka mpaka masipoko, mukanadziona nkhope. Iye waima apo wagwira tsaya, ndikuti, 'Iwe, dzino limodzi lomwelo ukuchita ngati ukubereka?' Mwana waulemu, mayi. Amandipatsa ya sopo ngakhale ndisanapemphe. Osati enawa, akuti ndilipira mawa, mawa lake ndi la chaka chamawa."

"Panali matope oyera pa gudumu lakumbuyo?"

"Pa tayala latsopano? Linali lisanaponde ndi ndowe yomwe. Koma matope a laimuwo musandikumbutse, amang'amba manja. Taonani zala zangazi. Dzulo lomweli ndalimbana nawo, mpaka pano zikuwawa."

"Pa njinga ya ndani?"

"Ya bwana wathu wa wezulo. Anthu onse akuthamangira ku mlatho kukaona ngozi, iwo akuthamangira kuno, chokankha, kumbuyo kulibe mpweya. Njinga yonse mbuu! Kutsogolo, injini, pansi pa mpando, ngati yagwera m'thumba la ufa. 'Tsuka msanga, Thovu, ndili ndi udindo.' Ndatsuka, ndamaliza, ndiye akuti chiyani? Akuti, 'Gudumu lakumbuyoli linalibe matope, sunalikhudze, undichotsereko mtengo.' Mayi! Munthu wa jekete yachikopa kunenerera mtengo wa gudumu limodzi! Ine ndinati, bwana, tsiku lina muzilichotsa mulisenze pamutu, ndizitsuka zotsalazo."

"Linalibedi matope?"

"Linalibe, koma lakutha ngati chipande, lophwa. Pamenepo sananame. Ndinadabwa kuti njinga imayenda bwanji m'matope gudumu limodzi lili m'mwamba, koma ine ndani? Ndine wa thovu."

"Munawachotsera mtengowo?"

"Ndinawachotsera. Akanandichotsa ine pa mpope."

* * *

Galimoto ya polisi inalibe mafuta kuyambira sabata yatha, choncho Sajeni anapita pa siteji n'kusankha njinga ya kumapeto kwa mzere. Woyendetsa wake ankatchedwa Abusa, chifukwa ankalalikira anthu amene wawanyamula, podziwa kuti pa liwiro palibe angatuluke m'tchalitchi.

"Tikupita kuti, mlongo wanga mwa Ambuye?"

"Ku laimu."

Msana wa Abusa unauma pang'ono. Anaponda sitata kawiri injini isanavomere.

Sajeni anakwera cham'mbali, chipewa chonunkha thukuta la anthu ena chili kumutu, akutukwana chamumtima. M'tauni anagwira chitsulo chakumbuyo mpaka zala kuchita dzanzi. Koma atadutsa nyumba zomaliza msewu unatambasuka, Abusa anakweza giya, ndipo mphepo inamulowa m'manja a yunifolomu n'kumufufumitsa ngati mbendera. Mitengo inayamba kudutsa yokha. Pokhota njinga inapendekeka, thupi lake lolemera lija linapendekeka nayo mosapempha chilolezo, ndipo kwa kanthawi maondo ake anaiwala kuti ndi okalamba. Anazindikira kuti akumwetulira. Zinamukwiyitsa. Ndiye ichi ndi chimene amafera anawa, anaganiza motero, ndipo choipa chake n'chakuti n'chokoma.

Ulendo wonse Abusa sanalalikire.

Ku laimu mlonda wa pa geti sanachedwe kukumbuka. Dzana madzulo, mvula itangokata, kapitawo wawo anabwera pa njinga atanyamula chitsulo cha makina. Woyendetsa anali bambo wonenepa amene anamuimbira wezulo kuti atsegule geti msanga.

Pobwerera, atafika pa mlatho, Sajeni anamenya Abusa paphewa.

"Imani apa."

Pa chipilala panali chipsera chakuda, pansi magalasi osweka. Kuchokera pamwamba pa chitunda, mzere wa tayala louma unatsika mokhotakhota mpaka pamenepo.

"Abusa, dzana madzulo woyamba pa mzere anali ndani?"

"Mlongo, lilime ndi kachiwalo kakang'ono, koma..."

"Ulaliki musungire amene amakulipirani. Anali ndani?"

Abusa anavula chipewa. Anali munthu wamkulu kuposa mmene ankaonekera atachivala.

"Ndinali ine. Kapitawo uja anabwera akufuna njinga msanga, makina aima, akulipira katatu chifukwa cha matope. A Tcheyamani anati ulendo wotere umafuna munthu wodziwa. Ulendo wonona uliwonse umafuna munthu wodziwa. Koma yawo inali yophwa kuyambira m'mawa. Ndiye anatsegula shedi."

"N'kuchotsa gudumu la Mazira."

"Kubwerekana gudumu si tchimo, mlongo, timatero tonse. Njinga zathuzi ndi za mtundu umodzi, gudumu la uyu limalowa kwa uyo. Lako likaphwa ntchito ilipo, umapempha la mnzako amene wapuma. Lamulo lake analiika okha a Tcheyamani: umauza mwini wake, ndipo pobweza umathira lita imodzi ya petulo mu thanki yake, anthu akuona."

"Anamuuza mwini wake?"

"Mwini wake anali pa mpando wa adokotala, kukamwa kuli yasa."

"Anabweza liti?"

"M'mawa ndikufika ndinawapeza ali chogwada m'shedi, foni ili kukamwa akuunikira, akufulumira kuti mnyamatayo asawapeze. Sipanala yawo ija yotha mano. Ndinawapatsa moni, sanayankhe. Pasanapite nthawi Mazira wafika, tsaya laphwa, akuseka, akuti lero ndiyesa mabuleki a amalume."

Pansi pa mlatho madzi ankadutsa mwa masiku onse.

"Ndipo ku galaja munapita nawo," anatero Sajeni.

"Ndinangoponda kamodzi."

"Pa dzanja?"

Abusa anayang'ana m'chipewa chawo ngati muli yankho.

"Ndili ndi ana, mlongo. Siteji ndi yawo. Akakuchotsa pa mzere, ana udyetsa vesi?"

"Anzanuwo ankadziwa?"

"Ena ankadziwa. Ena ankangoganiza. Koma ukamamenya munthu sumva zimene ukuganiza. N'chifukwa chake tinamenya kwambiri."

"Mawa mukanena zomwezi pamaso pawo."

"Akandimaliza."

"Mukapanda kunena, ndikumalizani ndine. Sankhani tchalitchi."

* * *

M'mawa mwake njinga zinandandalikana kutsogolo kwa nyumba ya maliro, zotsukidwa, nyali zoyaka, zokonzeka kuperekeza mnzawo ndi mahutala. A Tcheyamani anali atapaka jekete mafuta. Ankayendayenda kutsogolo kwa mzere akuyeserera mawu amene akalankhule kumanda, ndipo panali pomveka kuti mawuwo akunena zambiri za iwo kuposa za malemu.

Kenako panafika lole yaing'ono ya wogulitsa makala imene Sajeni anapempha. Kumbuyo kwake kunali njinga yophwanyika ija, ndipo pambali pake panakhala makanika, dzanja lili m'bandeji, opanda unyolo. Thovu anatsika kutsogolo atavala diresi ya ku tchalitchi.

Anyamata anayamba kung'ung'udza. A Tcheyamani anaika wezulo pakamwa.

"Mukaimba ameneyo ndikumezetsani," anatero Sajeni mosakweza mawu. "Tsitsani njingayi, anyamata. Pang'onopang'ono, ndi mboni."

Mayi a malemu anatuluka m'nyumba, azimayi awiri atawagwira m'mikono. Ataona mchimwene wawo anaima.

"Ndinati chiyani ine?"

"Munanena, mayi, ndipo ndinamva. Ndipatseni kanthawi kochepa, kenako mulamule pakhomo panu." Sajeni anatembenukira kwa a Tcheyamani. "Bambo, madzulo aja ngozi isanachitike munali kuti?"

"Funso limenelo mukufunsa ine? Pa maliro a mwana wanga wa pa siteji?"

"Inuyo."

"Ndinali pa msonkhano wa komiti."

"Komiti yonse ili pano. Amene anali pa msonkhanowo akweze dzanja."

Anyamata anayamba kuyang'ana matanki a njinga zawo ngati awaona koyamba. Palibe dzanja linakwera.

"Anyamata inu mumadziwa misewu kuposa ine," anapitiriza Sajeni. "Bwerani muone tayala ili. Matope awa ndi a kuti?"

"A ku laimu," linatero liwu lina kumbuyo.

"Pisani dzanja pansi pa madigadi. Muli laimu? Mulibe. Ndiye gudumu ili linapita ku laimu, njinga yake inatsala. Thovu, tsiku la ngozi munatsuka njinga yotani?"

Thovu anafotokoza zonse, ndi zina zimene sanafunsidwe, mpaka mtengo umene anachotsera. Wina anaseka, n'kukumbuka kuti ali pa maliro. Kenako Abusa anatuluka pa mzere, chipewa chili m'manja, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo analankhula mwachidule.

Nkhope ya a Tcheyamani inachita thukuta mpaka m'khosi mwa jekete.

"Ndiye mwati ndinaba? Ine? Gudumu ndinabweza! Si ili apa? Ndinabweza lonse ndi tayala lake! Kubwereka si kuba, funsani aliyense pa siteji pano. Ine ndakhala pa njinga anawa asanabadwe, gudumu ndimamanga nditatsinzina!"

Makanika anali asanalankhule chifikireni. Anafunsa ali chikhalire pa lole, mwaulemu, ngati akufunsa kasitomala.

"Pini munaiika, bwana?"

"Kapini kaja? Kanagwa pansi, m'shedi munali mdima. Kanthu kakang'ono ngati kameneko! Nati ndinaimanga ndi dzanja, inagwira bwinobwino. Ndimati masana ndimuuza mnyamatayo apite nayo kwa inu mukamalizitse. Ndimati ndimuuza. Ndinatanganidwa ndi udindo."

Injini ina imene inali ikulira chapansipansi, mwini wake anaizimitsa.

Makanika anatseka maso. Anangogwedeza mutu kamodzi, ngati munthu amene wauzidwa kuti m'mutu mwake si mwabodza, ndipo nkhaniyo yafika mochedwa.

Sajeni anatulutsa unyolo. A Tcheyamani anatambasula manja akuyang'ana anyamata awo mmodzimmodzi, kudikira kuti wina anene kanthu. Onse anali otanganidwa ndi nsapato zawo.

"Dikirani," anatero mayi a malemu.

Anadzimasula kwa azimayi aja n'kuyandikira. Sanakuwe. Sajeni akanakonda akanakuwa.

"Abusa, mwati wobwereka gudumu amatani?"

"Amathira lita imodzi mu thanki ya mwini wake, mayi. Anthu akuona."

"Bambo inu, munathira?"

"Mayi, nthawi ino si yoti..."

"Ndafunsa kuti munathira?"

"Sindinapeze mpata."

"Mpata ndi uno. Mwana wanga sankagona ndi chinthu cha munthu, ndipo sapita m'dothi chake chili kwa munthu. Mtengo wake munauika nokha. Anthu ndi awa, akuona. Lipirani."

A Tcheyamani anayang'ana Sajeni kuti lamulo liwapulumutse. Sajeni anali akuyang'ana kumwamba, kuona ngati kugwa mvula.

Thovu anabweretsa botolo la madzi lopanda kanthu. Anawagwaditsa pambali pa njinga yawo yomwe, ndipo a Tcheyamani anasolola kapaipi ka pansi pa thanki. Petulo anatsikira m'botolo pang'onopang'ono, makiyi akulira pachifuwa. Palibe anawathandiza. Litadzaza anayenda nalo mpaka pa njinga ya Mazira, anatsegula chivundikiro chopindika, n'kuyamba kuthira.

Thanki inali yong'ambika pansi. Petulo ankalowa pamwamba n'kutulukira m'munsi, kuyenderera pa injini yosweka, kudonthera pa nsapato zawo zopolishidwa, n'kulowa m'dothi. A Tcheyamani anaima, botolo lili theka.

"Ikutayika, mayi."

"Ndikuona. Malizani."

Anamaliza. Fungo linadzaza pabwalo ponse. Sajeni anauza mnyamata wina kuti azimitse ndudu yake, pokhapokha ngati akufuna maliro awiri pa mtengo wa amodzi.

Mayi a malemu anatembenukira ku lole. Anayang'ana bandeji, osati nkhope.

"Lichira?"

"Akuti zala ziwiri sizidzapindikanso," anatero makanika.

"Sipanala mudzagwira?"

"Kaya."

Kumbuyo kwa mayiwo, m'nyumba, azimayi anali atayambanso nyimbo chapansipansi.

"Nanga bokosi? Ndi lamanzere mungagwire?"

"Ndingagwire."

"Tsikani. Mukagwire kumutu." Anakweza mawu pang'ono kuti mzere wonse umve. "Enanu njinga zanuzo muzisiye pomwepo. Mwana wanga apita wapansi."

Makanika anatsika pa lole movutikira. Abusa anatambasula dzanja kuti amuthandize, iye analilambalala. Anadutsa pakati pa anyamata aja, iwo akupatuka mitu ili pansi, anadumpha pamene dothi linanyowa ndi petulo, n'kulowa m'nyumba pambuyo pa mlongo wake.